Tsiku Limene Tinaika a Yosefe Popanda Aphunzitsi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Sikuti ndinagona kwenikweni. Ndinangotsamira khoma, mutu n'kugwera pachifuwa. Chimene chinandidzutsa ndi kutentha kwa mwana wanga Petulo, amene anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Anali pamiyendo panga, ndipo thupi lake linkandiotcha kupyola nsalu ngati mbatata yongofukula kumene paphulusa. Ndinaika khutu pakamwa pake. Ankapuma, koma mpweya unkatuluka ndi kaphokoso ngati ka udzu wouma.

M'nyumba munali mdima ndi utsi. Amuna anga a Yosefe anagona pamphasa chakukhoma, atafunditsidwa bulangete limene anabwera nalo kuchokera ku mtengatenga, ntchito yonyamula katundu wa kunkhondo. Anamwalira dzulo lake dzuwa litapendeka. Amayi asanu ndi awiri anagona pansi mondizungulira, ndipo atatu mwa iwo ankatsokomola ali m'tulo. Panja, pamoto wa amuna, panalibe woyankhula.

Usiku wonsewo sipanamveke nyimbo ya Chikhristu. M'mudzi mwathu, kuno kumapiri a Dedza, tsidya lino la mtsinje wa Linthipe, akuluakulu obatizidwa tinalipo asanu ndi mmodzi okha. Awiri inali itawatenga kale nthenda ija ya chifuwa imene anthu ankaitcha fuluwenza. Awiri ena anali chigonere m'nyumba zawo, osatha ngakhale kutukula mutu. Wachisanu anali a Yosefe. Wotsala ndinali ine. Amayi analira maliro monga mwa mwambo wathu, kutchula malemu ndi ena amene anatsogola, mpaka mawu anawathera. Ine ndinagwira kolona, mikanda yathu yopempherera, pansi pa nsalu. Zala zinkayenda pamikanda, koma m'kamwa munalibe kanthu.

Ine ndine wamanyazi chibadwire. Kusukulu ya m'mudzi ndinapitako zaka zitatu, ndipo mapemphero ndinawaloweza onse, koma sindinawanenepo mokweza. Tsiku lotiyesa tisanabatizidwe, abambo a ku mishoni anachita kuwerama ndi kuyandikitsa khutu kuti amve zimene ndinkayankha. M'nyumba mwathu wotsogolera pemphero anali a Yosefe. Ine ndinkagwada kumbuyo kwawo, milomo yokha n'kumayenda, ndipo liwu langa linkamveka pa Amen basi.

A Yosefe anatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo ya Azungu ine ndili ndi pakati. Anabwerako nkhondo itangotha, ataonda, n'kupeza mwana akukhala pansi yekha. Anakhala nafe masabata atatu okha, kenako nthendayo inawagwira. Za ulendo wawo sankakamba. Koma tsiku lachiwiri la matenda anandiitana pafupi ndi kundiuza. Anati kumeneko munthu akagwa, ankamukokera pambali pa njira n'kumuphimba ndi nthambi. Katundu wake ankagawira anzake, kapitawo n'kuliza wenzulo, ulendo n'kupitirira. Panalibe wonena liwu ngakhale limodzi.

"ANambewe," anatero, "ine musanditaye chete ngati aja. Pamanda panga pakhale pemphero."

Ndinati aphunzitsi adzabwera.

"Akapanda kubwera?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mumalidziwa inu. Ndimakumvani kumbuyo kwangaku."

Anandigwira dzanja osalitaya mpaka ndinavomera ndi mutu. Ndinavomera chifukwa ndinalibe chikaiko kuti aphunzitsi adzabwera. Iwo ndiwo ankatsogolera mapemphero m'midzi yathu yonse, popeza ansembe ankafika mwa apo ndi apo. Ankakhala tsidya lija la Linthipe, ulendo wa theka la tsiku. A Yosefe atangotsirizika, achimwene anga, amene anabwera kuchokera kwathu kudzaona matenda, ananyamuka madzulo omwewo kukawaitana.

Kutacha sikunayere kwenikweni. Nkhungu inatsika m'mapiri ndi kukuta mudzi wonse, moti khola la ng'ombe silinkaoneka munthu ataima pakhomo. Kunkazizira ngati m'mwezi wa chisanu, ngakhale inali nthawi ya dzinja. Ndinayesa kumuyamwitsa Petulo. Anatembenuza mutu. Linali tsiku lachiwiri akukana bere.

Oyamba kufika anali adzukulu, anthu a mudzi wa patsidya pa dambo amene amatikumbira manda, ifenso tikumawakumbira awo. Mwambo umawalola kunyoza ndi kuseka pamaliro, ndipo palibe amene amawakwiyira. Anabwera anayi okha, chifukwa ena anali kudwala. Wowatsogolera anali a Kamtedza, mwamuna wamfupi wa mawu aakulu, munthu wa kudambwe amene sanapondepo pasukulu. Sukulu itangobwera kwathu kuno, ndi iwo ankaseka a Yosefe kuti asinthanitsa makolo awo ndi kamendulo ka chitini. Koma ku mtengatenga anatengedwa tsiku limodzi, anaikidwa gulu limodzi, ndipo anabwerera limodzi. Pakati pamutu pawo tsitsi linali litatha chifukwa cha mabokosi, monga linathera pamutu pa amuna anga.

Anaima pakhomo n'kusuzumira m'nyumba. A Yosefe anali a Ngozo pa mfunda, ndipo anawaitana ndi dzina limenelo.

"Ngozo! Mwagonabe? Ife tikakumbe m'matope inu muli m'bulangete? Ulesi umenewu munali nawo ndi ku mtengatenga komwe."

Kenako anatembenukira apongozi anga, amayi a malemu.

"Mayi, nkhuku yathu ili kuti? Yoonda sitilandira. Tadya zoonda dzulo ndi dzana, mano atopa."

"Gwirani imene muipeze, afisi inu," apongozi anayankha. Aka kanali koyamba kuwamva akuyankhula chimwalirire mwana wawo.

"Nanga awa akhala ngati chitsa? ANambewe, mwalira kale kapena mukusungira mawa?"

Ndinafunda nsalu kumaso. Nthawi yomweyo Petulo anatsokomola, chifuwa chachitali chosatha msanga. A Kamtedza anamuyang'ana. Anatola makasu pakhonde, anayiwo n'kulowa m'nkhungu.

Amayi anayamba kukoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa. Ndinkawamva akuuzira mosinthana, wina akatopa n'kutsokomola, mnzake n'kulowapo. Chophika chinali chochepa. Chaka chimenecho nkhokwe zinatha msanga, chifukwa amuna ambiri sanalime, ndipo chimanga china chinapita kunkhondo. Anatereka miphika iwiri ya phala la gaga ndi umodzi wa khwanya wopanda nsinjiro. Utsi sunkakwera kumwamba. Unkangoyenda pansi, kulowa m'nyumba ndi kutiwawa m'maso.

Anthu anayamba kufika awiriawiri, atatuatatu. Sanali ochuluka ngati pa maliro a zaka zina. Mayi wina anabwera mutu uli mbee, atangometa kumene maliro a kwawo. Nkhalamba ina inapuma kawiri pakati pa chulu ndi bwalo lathu, mtunda umene mwana amathamanga osapuma. Bambo wina anabweretsa ufa wodzaza manja awiri okha, atakulunga m'tsamba la nthochi, ndipo anaupereka akuyang'ana pansi. Amayi akafika pakhomo ankalira pang'ono, n'kukhala pansi. Nkhani inali imodzi pakamwa pa onse: kwakuti aika awiri tsiku limodzi, kwakuti banja lonse lagona, kwakuti ng'ombe zatha masiku atatu osatulutsidwa m'khola.

Ine ndinasendera pafupi ndi chitseko, pamene ndikanatha kuona njira yochokera kumtsinje. Aphunzitsi ankavala jekete loyera. Chithunzi chilichonse chikatulukira m'nkhungu, ndinkafuna choyeracho. Chikayandikira n'kukhala munthu wofunda chiguduli, ndinkayamba kudikira china.

Mayi wina wachikulire, wa kuchimuna, anabwera kudzakhala pambali panga. Anamugwira Petulo pachipumi, anapukusa mutu, kenako anatulutsa kachingwe kokhala ndi timitengo titatu n'kumumanga m'khosi. Aphunzitsi anatiletsa zimenezi. Ndinaona, ndinadziwa, koma sindinakane. Kachingweko kanagona pachifuwa cha mwana pamodzi ndi mendulo ya ubatizo wake. Ndikulemba izi chifukwa ndi mmene zinalili.

Chapakati pa m'mawa adzukulu awiri anabwerera kudzasambitsa ndi kukulunga mtembo. Anatitulutsa tonse, tinakakhala pakhonde. Kolona m'nyumba mwathu inali imodzi yokha. Ndinaipereka kwa apongozi ndi kuwanong'oneza kuti akaiike m'manja mwa a Yosefe asanamange mphasa. Apongozi sanali Mkhristu. Anaiyang'ana, anaifumbata, n'kulowa nayo. Atatuluka anangondigwedezera mutu.

Dzuwa silinaoneke tsiku lonse, koma inali ngati nthawi ya masana pamene a Kamtedza anatulukira, matope mpaka m'zigongono, n'kunena kuti nyumba ya malemu yatha. Mwini maliro anali bambo aang'ono a amuna anga, munthu wofatsa amene anali ataika kale mdzukulu wawo sabata yomweyo. Anaimirira pang'onopang'ono ndi kuuza amuna kuti akonzeke. Ndinakoka nsalu ya apongozi.

"Aphunzitsi," ndinatero.

Apongozi anapita kukagwada pafupi ndi mwini maliro ndi kuwauza. Iwo anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe choona, n'kunena kuti tidikire pang'ono.

"Tidikire?" anatero a Kamtedza. "Kwathu uko kuli wina wagona akudikira ife, ndipo ameneyo ndi wamtali, manda ake ndi ntchito. Madzi ayamba kale kulowa m'dzenjemo. Mukufuna Ngozo akasambire?"

Komabe anakhala pansi pafupi ndi moto, ndipo tinadikira.

Nthawi imeneyo ndinapemphera, ngati kumeneko kungatchedwe kupemphera. Mapemphero oloweza aja sanabwere. Mumtima munkangomveka zinthu ziwiri mosinthana, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: aphunzitsi abwere, mwana ayamwe, aphunzitsi abwere, mwana ayamwe. Ndinauza Amayi Maria kuti iwonso anali ndi mwana mmodzi yekha, ndiye akudziwa. Kenako ndinachita mantha kukumbukira mmene zinathera ndi mwana wawoyo, ndipo ndinasiya.

Amene anatulukira m'nkhungu anali achimwene. Anali okha. Zovala zinali zitanyowa mpaka pachifuwa. Sanapite kwa amuna. Anabwera molunjika pakhonde n'kunjuta patsogolo panga.

"Mlongo, ndabwera ndekha."

Anati aphunzitsi ali chigonere masiku anayi, ndipo sakuzindikira munthu. Akazi awo anaikidwa dzana. Kumishoni kunali ulendo wa tsiku lina lathunthu, ndipo anthu a m'mudzi wa aphunzitsiwo anawauza kuti ansembe ali m'midzi ya kutali kukaona odwala. Linthipe anali atadzaza, moti pobwerera anachita kuwoloka atagwira mabango. Anayankhula motsitsa, koma onse anamva. Mwini maliro anadikira kuti achimwene amalize, kenako anati, "Tiyeni timuperekeze mwana wathu."

Ndinayang'ana anthu onse amene anali pabwalo, mmodzimmodzi, kufuna wina amene anapitako kusukulu ngakhale mwezi umodzi. Panalibe.

Mwana sapita kumanda. Ndinakamusiya Petulo m'nyumba yoyandikana nayo, kwa mayi wina amene anali atangoyamba kuchira ndipo sakanatha kuyenda mtunda. Nditamumasula kumsana, malo amene anali anazizira nthawi yomweyo. Maso ake anali otseguka pang'ono, koma sankandiyang'ana. Mayiyo anati ndipite, amuyang'anira. Ndinaima pakhomo kanthawi. Ndinkadziwa kuti mwina pobwera ndidzamva kulira ndisanafike.

Anamunyamula pa chithatha cha nsungwi, mphasa itamangidwa patatu ndi luzi. Amuna anatsogola, amayi tinatsatira, awiri atandigwira m'mikono. Kumutu anali atandimanga mlaza wa umasiye. Njira ya kumanda imadutsa m'minda, ndipo chaka chimenecho udzu unali utapitirira chimanga, popeza panalibe opalira. Dothi lofiira linkaterera. Mvula inayamba yowaza, kenako inalimba. Onyamula anaterereka kamodzi, chithatha n'kupendekeka, amayi n'kukuwa.

"Mwalemera bwanji Ngozo, munthu woonda chonchi?" anatero a Kamtedza. "Mwabisa zipolopolo za Azungu m'mphasamu?"

Mmodzi yekha anaseka, kuseka kwake n'kusanduka chifuwa.

Manda athu ali m'kamsitu pamwamba pa dambo. Titalowa ndinaona mitumbira isanu yatsopano, yofiira, yopanda ndi udzu womwe. Amayi tinakhala pansi pa mitengo, chapatali pang'ono, monga timachitira. Pamanda wamasiye salankhula. Amalira basi, atafunda kumutu. Ndiponso ine ndinali mtengwa m'mudzimo. Chikwatiwire ndinali ndisanayankhulepo pamaso pa akuluakulu a kuchimuna. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatuka n'kugwada m'udzu.

A Kamtedza ndi mnzawo analowa m'dzenje kukalandira mtembo. Anaulowetsa m'kachipinda ka m'mbali, mnzawoyo n'kutuluka, iwo n'kutsala akutseka kachipindako ndi timitengo. Mwini maliro anaima kumutu kwa manda. Sanatalikitse.

"Yosefe, mwana wathu, wafika kwa atate ako. Ukawauze kuti kuno tatopa. Asatengenso ena."

Anagwedeza mutu, ndipo adzukulu atatu amene anali pamwamba anatukula makasu.

Nditaona makasu ali m'mwamba, zinali ngati ndamva wenzulo ya kapitawo uja. Sindikumbukira kuti ndinaganiza zoti ndinyamuke. Ndinangoona ndikuyenda ndi mawondo m'matope. Mayi wina anandigwira phazi poyesa kuti ndikufuna kudziponya m'manda, koma apongozi anati, "Alekeni." Amuna anapatuka modabwa. Ndinafika m'mphepete mwa dzenje n'kugwada pamenepo, nsalu ikadali kumutu.

"Akuti chiyani mtengwayu?" wina anafunsa.

"Pemphero," ndinatero. Palibe anamva.

"Akuti apemphere," anatero apongozi kumbuyo, mokweza. "Mwana wanga anapempha yekha. Ndinamva ndi makutu angawa."

Sindinkadziwa kuti tsiku lija anamva. Mwini maliro anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akutsika m'ndevu zawo. Kenako anati, "Apemphere." Makasu anatsika.

Ndinachita chizindikiro cha mtanda. Ndinayamba pemphero la Atate Athu, lomwe a Yosefe ankayambira madzulo aliwonse. Liwu linatuluka ngati la udzudzu, koma linatuluka. Mawu oyamba anadutsa. Achiwiri anadutsa. Kenako ndinafika pamene timauza Mulungu kuti zimene iye akufuna ndizo zichitike pansi pano. Pamenepo ndinaima.

Sindinaiwale. Mawuwo anali palilime onse, monga ndinawalowezera. Koma ndinaona mitumbira isanu ija, ndinaona mphasa ikuonekera pakati pa timitengo, ndipo ndinamva kuzizira kumsana kumene kunali Petulo. Ndinaopa kuti ndikawanena, ndiye kuti ndamupereka mwanayo ndi pakamwa panga. A Yosefe ndinali nditawataya kale popanda kufunsidwa. Uyu ndinkaona ngati ndikufunsidwa, pamaso pa anthu onse, ndipo sindinathe kuvomera.

Ndinabwerera poyambira. Ndinayenda bwinobwino mpaka pamalo omwewo, n'kuimanso. Mvula inkagwa pamasamba. Wina anatsokomola. Ndinamva mwamuna wina akunena chapansipansi kuti, "Waiwala." Wina anati, "Tikwirire, anthu anyowa." Ndinkangoyang'ana matope amene anali pakati pa mawondo anga. Ndinali nditalonjeza, ndinali nditafika pamanda penipeni, ndipo ndinkawataya chete ngati aja a m'mbali mwa njira.

Pamenepo liwu linachokera m'dzenje. A Kamtedza anawanena mawu aja onse, osadumpha ngakhale limodzi, ndi liwu lomwe lija anapempha nalo nkhuku. Atatha anatukula mutu, madzi akuwagwera kumaso.

"Ndi pamenepo mwaiwala, mayi. Kutsogoloku kukubwera za chakudya. Pitirizani, madzi andifika m'misongolo."

"Iwe wa kudambwe," anatero mnzawo amene anali ndi khasu, "zimenezi wazidziwira kuti?"

"Miyezi khumi ndagona pambali pa munthuyu. Usiku uliwonse nyimbo yomweyi, kaya mvula, kaya njala, kaya tataya mnzathu. Ngakhale abulu a Azungu anailoweza. Pitirizani, mayi."

Ndinapitiriza. Za chakudya cha lero sizinandivute, chifukwa tonse pamenepo tinali ndi njala. Za kukhululuka ndinanena. Za kupulumutsidwa ku zoipa ndinanena mokweza kuposa zonse, moti amayi kumbuyo anamva. Ndinati Amen. M'dzenjemo munachokeranso Amen wina, mochedwa pang'ono, kenako, "Nditulutseni muno."

Anawakoka ndi dzanja, ndipo makasu anayamba. Dothi linali lolemera, linkagwa ndi mdidi. Amayi anadzanditenga ndi kundibwezera pansi pa mtengo. Palibe anandikalipira, palibenso anandiyamikira. Mtumbira utatha, achimwene anadula timitengo tiwiri, a Kamtedza n'kumanga ndi luzi lotsala. Chopingasacho anachiika m'munsi kwambiri, moti mtandawo unaoneka wozondoka pang'ono. Sindinawakonze.

Pobwerera anthu anaima pakamtsinje kusamba m'manja ndi m'mapazi. Ine ndinangoviika manja n'kupitirira, amayi aja ondigwira ndinawasiya m'mbuyo. Ndinkayenda khutu lili kumudzi. Ndinadutsa minda, ndinadutsa chulu, ndinadutsa khola. Kulira kunalibe. Nditalowa ndinapeza mayi uja akumupukuta Petulo kumaso ndi kansanza konyowa. Ankapumabe. Ndinamunyamula ndi kumupatsa bere ndisanakhale n'komwe pansi. Anatembenuza mutu.

Anthu anamwa phala ali chiimire. Lisanathe n'komwe, kulira kunamveka kutsidya kwa dambo, ndipo anayamba kunyamuka awiriawiri monga anabwerera. Adzukulu anatsuka makasu pamadzi odontha padenga. A Kamtedza anadutsa pakhonde, nkhuku ili m'khwapa, n'kuima.

"ANambewe, mwayesetsa. Kuiwala n'kwa aliyense. Koma mukaloweze bwino pamenepo, tisadzavutikenso ulendo wina."

Atangotero maso awo anagwera pa mwana amene anali pamiyendo panga. Anasuntha nkhuku kuipititsa kukhwapa lina.

"Komatu kuno sindikufuna kubweranso ine. Nkhuku zanu n'zoonda."

Anapita. Sindinawauze kuti sindinaiwale.

Masiku ena achibale akanagona pasiwa masiku angapo, nyumba n'kudzaza. Madzulo amenewo tinatsala awiri, ine ndi apongozi, ndi mwana. Achimwene anagona pakhonde, atatopa osadya n'komwe. Mvula inali italeka, kungotsala madontho a padenga. Chakukhoma, pamene panali mphasa, panaoneka malo osalala, oyera kuposa pansi ponse. Khasu la a Yosefe linali pakhomo, kumpini kukadali dothi la kumanda. Apongozi anasonkhezera moto n'kugona chammbali, atayang'ana kukhoma.

Ndinamugoneka Petulo pansalu pafupi ndi moto. Kenako ndinagwada pamalo anga akale, kumbuyo kwa pamene a Yosefe ankagwada. Patsogolo panga panalibe msana woti ndibisalepo. Kolona inali itapita nawo. Ndinayamba pemphero lomwe lija, mokweza, koyamba m'nyumba imeneyo. Ndinafika pamalo paja, ndipo ndinaimanso. Ndinadikira ngati wina anena. Kunamveka madontho okha ndi mpweya wa mwana. Ndinakumbukira zimene a Yosefe ananena, kuti wina akagwa katundu wake amasenza anzake. Ndinasiya mpata wokwanira mawuwo, monga anawanenera a Kamtedza, kenako ndinapitirira ku za chakudya mpaka kumapeto.

"Mwadumphanso pomwe paja," anatero apongozi, osatembenuka.

"Eya, amayi."

Ndinayesa agona, koma anayankhulanso.

"Musadzikakamize. Amuna anu amva kale masana."

Ndinamunyamula Petulo ndi kufinyira dontho la mkaka pamilomo pake. Linakhala pamenepo nthawi yaitali, kenako anameza. Lachiwiri linatsikira patsaya. Ndinalipukuta, ndinatsamira khoma, ndinaika dzanja pachifuwa chake pamene panali mendulo ndi kachingwe kaja, ndipo zala zimene zinazolowera mikanda zinayamba kuwerenga mpweya wake.